Buku la Kwaya Lomwe Talidula Lero

Lachitatu madzulo, ku Al Duhail, kudziko la eni kuno. Tsiku la lero landilemera, mtima suli m'malo.

Abwana amene ndimawayendetsa amagula ndi kugulitsa zinthu zamakedzana. M'mawa kwafika buku la nyimbo za kwaya, lalikulu ngati chitseko cha kabati, moti tachita kunyamulizana ndi a Phiri, alonda athu ochokera ku Chipata. Masamba ake ndi achikopa, olembedwa pamanja, zilembo zoyambirira zopakidwa golide ndi buluu. Akuti kale kwaya yonse inkaimba poyang'ana buku limodzilo. M'makona mwake munada ndi zala za oimba.

Masana abwana anatulutsa lumo. Akuti tsamba limodzilimodzi la mu fulemu limayenda malonda kuposa buku lathunthu.

"Bwana, osangoligulitsa lonse bwanji?" ndinafunsa.

"Khalas, basi, gwira apa!" anatero.

Ndinagwira, iwo n'kumadula masamba. Nyimbo ina yayambira patsamba lokagulitsidwa ku hotela ina, mathero ake atsala patebulo.

A Phiri anandinong'oneza kuti, "Achimwene, musaiwale contract."

Akunena zoona. Koma ine ndinakulira m'kwaya kwathu ku Dedza, ndinkaimba besi. Mayi a kunyumba atandifunsa pafoni za ntchito ya lero, ndangoti kuyendetsa galimoto monga mwa masiku onse.

Latsala theka loti tidule mawa, ndipo wogwirizira ndi ine ndemwe...