Mbalame Yolira Lachiwiri Lokha

Lolemba, 10 Malichi

Makutu akulira okha. Maola asanu ndi limodzi mahedifoni ali kumutu. Achule, mphepo, ng'ombe, wina akukhoma chitsulo kutali. Achulenso.

Timabokosi tathu tojambulira mawu tinamangirira 12 m'mitengo kuzungulira dambo. Titatu tafa. Kamodzi kanalowa madzi, kena nyerere zamangamo mudzi, kachitatu wina anangokamasula n'kuchotsamo mabatire. Anthu odzipereka tinayamba nawo 20, atsala 7. Sindiwada. Kulawirira Lachiwiri lililonse, kuponda matope kukasintha mabatire ndi timakhadi tosungira mawu, malipiro ake zikomo ndi tisheti imodzi. Ndikanakhala ine ndikanathawa kalekale.

Komiti ya boma yopereka zilolezo ikumana pa 21. Tikalephera kusonyeza kuti kambalame kathu kakadalimo m'bango, a kampani yokumba mchenga alowetsa zimagalimoto zawo, dambo lathera pomwepo. Dzina la kambalameko la m'mabuku limaluma lilime, ife timangoti Kabisala. Zaka 20 palibe anakaona ndi maso. Umboni ndi kulira kwake basi.

Bambo a kunyumba: "Ndiye amakulipirani kumvera achule? Bwerani muzimvera ine, ndine wotchipa." Ndinafuna kuseka, mphamvu panalibe.

Lachiwiri, 11 Malichi

Zatheka! Pulogalamu ya pa kompyuta yosefa mawu ija yapeza Kabisala kakulira maulendo 11. Onse pa kabokosi nambala 7, ka kumapeto kwa bango. Ndamvera atatu oyamba: kuwiri mofupikitsa, kamodzi motalikitsa n'kutsika. Ndi komweko. Ndinavina ndekha mu ofesi, chingwe cha mahedifoni n'kukokera pansi kapu ya tiyi.

Ndaimbira abwana pompo. "Ndinkadziwa ine!" Ankadziwa chiyani, mwezi watha ankati titseke ntchitoyi. Dzuwa lisanapendeke anali atauza kale otithandiza ndi wapampando wa komiti.

Nambala 7 amasamalira ndi a Chigayo. Mkulu wa zaka 70 ndi kanthu, anagayitsa anthu zaka 30, dzina n'kuwakanirira. Sanajombepo. Kaya mvula, kaya chimfine, Lachiwiri iwo ali m'dambo ndi majombo awo. Ndikawauza ndekha, osati pa foni.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndimalemba ndandanda wa mu lipoti, tsiku ndi nthawi ya kulira kulikonse. Mzere wachisanu dzanja linaima. Lachiwiri. Lachiwiri. Lachiwiri. Konse Lachiwiri, 6 koloko itangopitirira, kamodzi pa sabata, masabata 11. Mbalame yanji yodziwa kalendala?

Ndinabwereranso kumvera, ulendo uno kuyambira mphindi zisanu m'mbuyo. Lamulo lathu ndi lakuti wosintha kakhadi anene tsiku ndi nthawi pafupi ndi kabokosi, akatero achoke osatulutsa mawu. A Chigayo akunena tsiku bwinobwino, mokweza monga amachitira. Majombo m'matope, mapazi ngati 20. Zii. Kutsokomola. Kenako Kabisala.

Kutsokomola, kenako Kabisala. Maulendo onse 11.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kompyuta yandimverera, ine n'kuthamanga nazo kwa abwana ngati mwana wotola ndalama. Manyazi. Sindinauze munthu, ngakhale bambo a kunyumba. Ndangoti mutu ukupweteka.

Lachisanu, 14 Malichi

Kwa a Chigayo. Ndawapeza pakhonde akumata jombo ndi guluu. Kulankhula nawo n'kofuula, makutu awo chinadya ndi chigayo, choncho funso langa analimva ndi oyandikana nawo omwe.

Sanabise kanthu. Anapinda manja pakamwa n'kuliza mluzu pomwepo. Ukatsinzina ungalumbire kuti uli m'bango.

"Kale tinkaziitana chonchi, zinkayankha. Ndimangoyesa, mayi, mwina kalipo kotsala. Ndimadikira, palibe, ndimabwerako."

Ndinawafotokozera za kompyuta, za lipoti, za komiti. Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. "Ndiye kuti ndakuwonongerani ntchito?" Ndinati ayi. Bodza. Mtima unali utawira, koma ungakalipire bwanji munthu wa msinkhu wa bambo ako, amene wakuponderera matope miyezi yonseyi osapempha ngakhale sopo? Pepala la malamulo ndinalemba ndine. Osalankhula, osasuta, osabwera ndi galu. Za mluzu mulibe. Akanaganiza ndani?

Lolemba, 17 Malichi

Ndawauza abwana. Anadzuka n'kutseka chitseko.

"Kompyuta yati mbalame. Inu ndinu ndani kuti muitsutse?" Kenako motsitsa mawu: "Dulani kutsokomolako basi. A komiti sabwera kudzamvera chifuwa cha munthu." Ndikutuluka anawonjezera: "Dambo lipite chifukwa choti inu mukufuna kuoneka oyera?"

Chondiwawa n'choti mawu amenewo alowa. A kampani ali ndi maloya, ife tili ndi timabokosi 9 ndi anthu otopa. Kudula masekondi atatu, ntchito yosatha ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinatsegula fayilo yoyamba, ndinaika kachizindikiro pamene chifuwa chikuyambira, ndinakhala ndikungoyang'ana mpaka nthawi yoweruka. Sindinadule. Kutsekanso sindinatseke.

Nanga katswiri wa kampani akadzapempha mafayilo athunthu? Adzati ntchito yathu yonse ndi yophika. Ndipo amene adzasekedwe m'misewu ndi a Chigayo, osati abwana.

Kontirakiti yanga itha mu Juni. Osayinira ina ndi omwewo otseka chitseko.

Lachiwiri, 18 Malichi

A Chigayo sanapite kudambo. Koyamba chiyambire. Mpongozi wawo wabweretsa ku ofesi chikwama cha mabatire ndi tisheti, yochapa, yosita, yopinda bwino. Sananene zambiri, anangoti abambo akuti zikomo.

Nambala 7 ndakasintha ndekha. Matope mpaka m'mawondo, udzudzu ngati ndaubera. M'mphepete mwa dambo a kampani ayamba kale kukhoma zikhomo zofiira. Komiti isanakhale n'komwe.

Ndatopa. Osati kwa thupi kokha.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndinaganiza zochotsa zonse 11, koma mwa dongosolo: iliyonse ndiimvere mpaka kumapeto, ndilembe chifukwa chake. Ntchito yokwirira manda. Yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu ndi chiwiri, chimodzimodzi.

Yachisanu ndi chitatu. Kutsokomola, mluzu, zii. Papita masekondi 40. Kenako kutali, mbali ina, pansi pa phokoso la achule: kuwiri mofupikitsa, kamodzi motalikitsa. Ndinati ndi a Chigayo omwewo asuntha malo. Koma ayi, akumveka pafupi, akudzimenya udzudzu pakhosi. Kulira kuja kukubweranso, ndipo pamwamba pake mawu awo akuti: "Palibe. Tiyeni tizipita." Munthu sangalankhule ndi kuliza mluzu nthawi imodzi.

Kompyuta sinakatole, mawu ake ndi ofooka kwambiri. Pa sikirini kamzere kake n'kopyapyala, kokwera kuposa mluzu wa munthu. Ndamvera ka 30. Ndinalira pa desiki mpaka mayi osesa mu ofesi anadzafunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Fayilo imodzi yokha. M'mafayilo atatu otsalawo mulibe. Mu lipoti ndalemba monga zilili: 11 ndi mluzu wa munthu, fayilo imodzi muli mbalame yeniyeni, ndipo inachita kuitanidwa. Ndasayina, ndatumiza kwa abwana ndi ku komiti nthawi imodzi, kuti pasakhale zobweza.

Abwana pa foni: "Imodzi? Mwatipha, mayi." Mwina ndatero. Sindikudziwa ngati komiti ingaimitse zimagalimoto chifukwa cha kambalame kamodzi.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndinanyamula laputopu kupita kwa a Chigayo. Poyamba mpongozi anati agona. Ndinakhala pakhonde mpaka mkuluyo anatuluka, maso pansi.

Ndinawaveka mahedifoni, ndinakweza mawu mpaka pamapeto. Atamva chifuwa chawo anaseka pang'ono. Mluzu wawo, anagwedeza mutu. Ndinakweza chala kuti apa, mverani apa. Kanalira, mpaka ine wakunja kwa mahedifoni ndinakamva. Iwo maso ali pa ine, akudikira.

"Kayamba?"

Ndinabwereza kanayi. Ndinawalozera kamzere pa sikirini, ndinawafuulira m'khutu kuti ndi kameneka, kanakuyankhani, kawiri. Anavula mahedifoni, anawapukuta ndi malaya n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Ndiye kuti kanandiyankha, ine n'kukapatsa nkhongo." Kenako: "Nanga masiku ena aja, timabokosi tisanabwere? Ndakhala ndikupita kumeneko zaka zonsezi, mayi. Ndimabwerako n'kuuza anthu kuti zinatha."

Sindikudziwa, ndipo palibe adzadziwe.

Ndikupakira laputopu anandifunsa nthawi ya komiti. Ndinati 9 koloko, koma musavutike, mukangosekedwa. Anakana. Akuti abwera, akanene okha zimene anachita.

"Ine ndikaliza wanga pamaso pawo, inu mukatsegule wa m'makinawo. Amene ali ndi makutu akasiyanitse."

Abwana sindinawauze. Adziwira konko.

Mawa ndikawatenge 7 koloko. Sipika ndabwereka kwa anzathu a ofesi yoyandikana, batire lake silikhalitsa, ndisaiwale chingwe. Jekete la a Chigayo linaduka batani lapakati, ndabwera nalo, ulusi wakuda mulibe m'nyumba muno, ndisoka ndi wabuluu.