Nsomba Zazikulu za Amuna Anga Zapha Kamwana

Aphungu,

Ine ndine mayi wosoka zovala. Amuna anga anadwala sitiroko chaka chatha, ndipo dzanja lamanja ndi lilime sizinabwererebe m'chimake. Tsiku lonse amakhala pabalaza, maso ali pa thanki yagalasi imene ankawetamo nsomba asanadwale. Zambiri zinafa iwo ali m'chipatala, poti ine sindinkadziwa kasamalidwe kake. Zinatsala ziwiri zazikulu ngati chikhatho, za mtundu uja amati enjelo, zopyapyala, za zipsepse zazitali. Iwo amazitcha Bwana ndi Dona. Mawu ambiri amawakanika, koma mayina awiriwa amawatchula bwinobwino.

Nditaona kuti m'thanki muli zii, ndinakagula tiana tinayi ta mtundu womwewo, tating'ono ngati chikhadabo, osawauza. Nditafika ndinangotikhuthulira momwemo. Nkhope yawo inawala, Aphungu, mpaka anandigwira mkono. Koma posakhalitsa Bwana anayamba kutithamangitsa, Dona n'kumatijompha zipsepse. Mawa lake kamodzi kanali katayandama chagada. Amuna anga anakayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, kenako anangoti, "Chotsani... ana."

Totsalato ndatiika m'ndowa, m'chipinda chosokera, ndipo sitikudya. Ndikamadutsa pabalaza iwo amandifunsa ndi maso. Kodi nditibweze kusitolo, kapena pali njira yoti tikhale ndi zazikuluzo? Ndikuopa kuwalizanso.

E.M.C., kuseri kwa msika

Mayi E.M.C.,

Musadziimbe mlandu, munachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Nsombazi zimaoneka zofatsa, koma zikakula zimachita nkhanza poteteza malo ake, makamaka zikakhala ziwiri zomvana. Kanthu kakang'ono zimakayesa mdani, mwinanso ndiwo.

Musatibweze, koma titulutseni m'ndowamo lero lomwe. Madzi ake amazizira ndipo mpweya umatha msanga, n'chifukwa chake sitikudya. Pezani kathanki kena kokhala ndi hita yotenthetsera madzi ndi pampu ya mpweya, muthiremo madzi otunga m'thanki yaikulu. Ulendo uno musakhuthule. Tiikeni m'kathumba ka pulasitiki ndi madzi a m'ndowa, kathumbako kayandame m'kathanki, muziwonjezeramo madzi atsopanowo pang'onopang'ono, kenako mutitulutse ndi kaukonde. Chakudya muzichipera, n'kumatipatsa pang'ono kangapo pa tsiku.

Tikulire momwemo miyezi ingapo, mpaka tifike theka la msinkhu wa Bwana. Nthawiyo ikakwana, dulani thanki yaikulu pakati ndi sefa ya pulasitiki kuti zizionana osakhudzana kwa mlungu kapena iwiri. Tsiku lochotsa sefayo, yambani mwadyetsa zazikulu zikhute, musunthe miyala ndi zomera kuti pasakhale wodzimva kuti ndi mwini malo, ndipo muzimitse nyale ya thanki. Koma mukaona Bwana ndi Dona akutsuka tsamba limodzi ndi pakamwa, dziwani kuti akukonzekera mazira. Pamenepo sefa isachoke.

Tsopano za bambowo. Kathankiko musakabise kosokera, kaikeni pambali pa mpando wawo. Dzanja lamanzere likugwira ntchito, ndiye tianato azitidyetsa okha. Munthu amene wakhala akusamalidwa chaka chathunthu amalakalaka nayenso atasamalako china.

Chenjezo langa ndi ili. Pali nsomba zina zimene sizilola mlendo ngakhale mutachita zonsezi. Mukaona zipsepse zikung'ambikanso, zilekanitseni msanga, matanki awiri m'nyumba si manyazi. Ndipo pa chilichonse muziyamba mwafunsa eni akewo. Akayamba kukuyankhani n'kukakamira pakati, musawamalizire mawu. Imitsani makina osokera, kokani mpando, muwadikire.

Aphungu