Ng'ombe za a Tembo Zavina Besi

Amake Ireen,

Musadabwe kupeza motoka ili pabwalo, zitseko zili pululu, mwini wake palibe. Ndathamangira ng'ombe za a Tembo.

Owen, makanika wa ku Katete uja, wamaliza ntchito! Kasipika kobwera ndi motoka kaja, kolira ngati udzudzu, wakachotsa. Waika chisabuwufa, chisipika chachikulu chogunda besi, m'buti, ndi ampulifaya yake yokweza mawu. Nditafika pano ndinati ndiyeseko pang'ono chabe. Mayi ine, di! di! di! Mpaka malata a nyumba yathu kuyankha!

Tsoka ilo, a Tembo amadutsa ndi ngolo yodzaza thonje. Ng'ombe zinangoimika michira, liwiro la mtondo wadooka kulowera ku Mkaika. Eni ake anagwera m'munda wa kandolo. Sanavulale, koma thonje layeretsa msewu wonse.

Chonde tengani masaka mukayambe kutola, mbuzi zisanalipondeponde. Mukawaona a Tembo, muwagwadire m'malo mwanga. Ine ndinayesa kupepesa, koma phwete limangotuluka lokha.

Pepani, amayi. Komatu nyimbo yake inali yathu ya paukwati ija. Inu munachita manyazi kuivina tsiku lija, ng'ombe sizinachite.

Ine wanu,
Raphael