Mipata ya m'Boti la Ababa

Lachinayi, 17 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka. Musanatumize galimoto ija munati idzatenge Ababa Loweruka, chonde khalani pansi muwerenge kalatayi mpaka kumapeto. Ndikudziwa kuti ndine ndemwe ndinakulemberani mwezi wathawu kuti mutu wa Ababa wasokonekera ndipo sindingathenso kuwasunga, inu n'kuvutika kuwapezera malo kunyumba yosamalirako okalamba kufupi ndi kwanuko. Koma zimene ndaona dzulo ndi maso angawa zandisintha maganizo.

Mukulikumbuka boti la Ababa, lija ankawolotsera anthu pamtsinje mlatho usanamangidwe. Zaka khumi ndi zitatu lakhala kuseri kwa nyumba, pamwamba pa matayala akutha, nkhuku zikuikiramo mazira. Chiwagwirireni sitiroko chaka chatha, pamene anasiya kuyankhula ndipo dzanja lamanja linafa, Ababa ankangokhala pampando wawo wamatayala maso ali pabotilo. Tsiku lina mzime wathu anati, "Achemwali, bwanji tilikonze? Mwina Ababa n'kusekako." Alamu anu anavomera mwana asanamalize n'komwe kuyankhula. Paja mukuwadziwa amuna angawa: ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo, koma akangoonera kavidiyo kamodzi pafoni, basi asanduka katswiri wa chilichonse. Pakhomo pano timangowatchula kuti a Injiniya, ndipo amavomera mosachita manyazi.

Ndiye Loweruka ndi Lamlungu lililonse tinali pabotipo atatu. Ine ndi mzime tinkapala penti wakale mpaka manja anatuluka matuza, a Injiniya akuchotsa matabwa ofumbwa n'kuikamo atsopano. Injini anaimasula yonse pakhonde, timabawuti ali mbwee m'mbale zanga zodyera alendo. Ndinkati sidzabwereranso m'malo mwake, koma patatha masabata asanu anaiika mumgolo wa madzi, kukoka chingwe kanayi, iyo n'kutsokomola, kenako kulira. Nkhuku zinabalalika, mzime akudumphadumpha ngati wapambana mayeso.

Vuto linali mipata. Matabwa anali atauma kwambiri moti ukagona mkati mwa boti, dzuwa linkaonekera mizeremizere, malo ena chala chaching'ono chinkachita kulowa. A Injiniya anabwera ndi zitini za zomatira zimene zikauma zimalimba gwa ngati simenti. "Mayi," anatero, "apa ngakhale dontho silidutsa." Tinamata mbali zonse ziwiri, osasiya ndi kampata komwe.

Apa m'pamene Ababa anayamba kuvuta. Ankabuula, kumenyetsa ndodo pansi, kupukusa mutu. Ife tinkati mwina njala, mwina akufuna kuchimbudzi. Lolemba lake ndikuchokera kuntchito ndinawapeza atadzikoka ndi mwendo umodzi mpaka pabotipo, msomali uli kudzanja lamanzere, akukolokota zomata zathu zija zisanaumitsitse. Ndinawachotsa. Mawa lake, chimodzimodzi. Pofika Lachinayi anali atagoba mbali yonse ya kumanzere, ndipo anali atang'amba mtsamiro wawo n'kumasokomeza thonje lake m'mipatamo, mosatsindira n'komwe. Thonje linali paliponse, kumutu, m'ndevu, pansi.

Zimene zinachitika pamenepo sindinakuuzeni m'kalata ija, Achimwene, ndipo cholembera chikundilemera. Ndinawalanda msomali. Atakana kuusiya, ndinawamenya padzanja, dzanja lokhalo limene latsala lamoyo. Ndinakalipa kuti, "Ababa, mwasanduka mwana kodi? Anthu tikuvutikira inu nomwe!" Anangondiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhoma chitseko cha kuseri ndikamapita kuntchito, ndipo tsiku lomwelo ndi limene ndinakulemberani kuti mudzawatenge. Ababa anasiya kubuula. Ankadya pang'ono, nkhope atalozetsa kukhoma.

Mutayankha za galimoto, mzime analira. Anati zivute zitani, Ababa aone boti lawo lili pamadzi asanachoke. Zomatira zinali zitatha, nthawi inalinso itatha, choncho mbali ya kumanzere tinangoisiya ndi thonje la mtsamiro lija, n'kupakapo penti pamwamba kuti anthu asatiseke. Lamlungu lapitali m'mamawa mnzawo wa a Injiniya anatinyamulira boti palole mpaka padoko lakale, Ababa atakhala kutsogolo.

Titangolikankhira m'madzi, mbali ya Ababa ija inayamba kulowetsa madzi ngati sefa. Tinakapa ndi ndowa, tinakapa, koma zinali zosatheka. Pasanathe theka la ola boti linali litakhala pansi pamalo osaya, madzi ali m'mipando. Ine mtima unawawa, ndipo ndinanena mokweza kuti amve, "Ntchito ya miyezi itatu yonse yaonongeka ndi msomali umodzi." A Injiniya anagwira chingwe kuti tilikokere kumtunda. Ababa anachikakamira chingwecho, kuchikulunga pampando wawo, n'kukana kuchisiya. Kenako anaimika zala zitatu.

"Akuti masiku atatu," anatero mzime.

"Akuti chiyani? Sakudziwa n'komwe chimene akuchita," ndinayankha ine, iwo ali pomwepo.

Popeza lole inali itapita kale, tinalimangirira kumtengo n'kubwerera kunyumba.

Dzulo Lachitatu, kusanatenthe, Ababa anali atadzuka kale, chipewa chili kumutu, akugogoda chitseko changa ndi ndodo. Ndinapempha tchuthi kuntchito ndipo tonse tinapita, cholinga changa chili chokatsanzikana nalo botilo. Tinayamba kukapa. Madzi anatsika kufika m'maondo, kenako m'akakolo, kenako pansi panaonekera. Ndinaima ndi ndowa m'manja kudikira kuti ayambenso kulowera kumanzere kuja. Achimwene, sanalowe. Ndinagwada n'kuyendetsa chala m'mipata ija, koma mipata panalibe. Matabwa anali atakumana okha, atalifinya thonje lija pakati, moti ngakhale lumo silikanalowa. Ndinapukuta ndi nsalu yanga n'kudikira, malowo anakhalabe ouma. Mtengo umene unadulidwa ine ndisanabadwe, umene wakhala padzuwa zaka khumi ndi zitatu, wamwa madzi masiku atatu okha n'kudzitseka wokha! Ndinachita mantha ngati ndagwira chinthu chamoyo.

Ndiye mukanaona mbali yathu, ya ife anthu amitu yabwino. Matabwa anatupa n'kusowa kopita chifukwa cha zolimba tinamatamo zija. Awiri anapindika n'kuzula misomali, limodzi linang'ambika kutalika kwake konse, ndipo madzi ankalowera pamenepo. A Injiniya anayang'ana uku, anayang'ana uku, kenako anavula kapusi, chinthu chimene sachita ngakhale pamaso pa abwana awo.

"Mayi, thabwa likamwa madzi limatupa," anatero chapansipansi. "Apongozi ankalisiyira malo otupira. Ife tinalitsekera."

Paja amati mawu a akulu amakoma akagonera. Nanga wamkulu amene alibe mawu angatani? Ababa anatiuza ndi ndodo, sitinamve. Anatiuza ndi msomali, ndinawamenya. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ngati ankadziwa zimenezi, ndiye kuti akudziwa zonse. Chaka chonsechi takhala tikukambirana za iwo pamaso pawo ngati tikunena za katundu. Anamva ndikuuza mzime za galimoto. Anandiona ndikupinda zovala zawo n'kumaziika m'sutikesi. Munthu ali momwemo, wamphumphu, nzeru zake zonse zili m'malo, kungoti chitseko chinatsekeka, ndipo ife sitinayese n'kugogoda komwe.

Ndinagwada m'matope momwemo pamaso pawo, anthu ochapa akuonerera. Ndinangokwanitsa kunena kuti, "Ababa, pepani." Anandisanjika dzanja pamutu kwa kanthawi, kenako anandikankha paphewa n'kuloza mbali yong'ambika ija ndi ndodo, kutanthauza kuti dzuka, ntchito ikudikira. Ndipo anaseka, Achimwene, kukamwa kutapotoka choncho, mpaka misozi. A Injiniya ndi amene ankasekedwa kwambiri, nawonso anavomereza kuti akuyenera.

Masana onse a dzulo tinali kugoba zomata zathu, Ababa ali kapitawo. Tagwirizana kuti akagogoda kamodzi ndiye kuti inde, kawiri ndiye kuti ayi, ndipo kawiri ndi kamene kakumveka kwambiri. A Injiniya atawaonetsa muyeso wa oyilo amene amasakaniza ndi petulo, Ababa anagogoda kawiri n'kuonetsa ndi chala pabotolo pamene ayenera kulekezera. Mzime anawafunsa ngati tiyi amene ndimawapangira amakoma. Anagogoda kawiri. Chaka chathunthu ndakhala ndikuwathirira shuga wambiri, iwo akungomwa.

Titafika kunyumba ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kuwafunsa funso limene ndinayenera kuwafunsa kalekale. Ndinati, "Ababa, mukufuna kupita kwa achimwene, kunyumba ya okalamba ija?" Anagogoda kawiri, pang'onopang'ono.

Choncho galimoto musaitumize. Sindikunena kuti zapepuka ayi. Kuwanyamula n'kolemera, kuwasambitsa n'kovuta, ndipo masiku ena ndidzatopa n'kudandaulanso. Mukadzalandira kalata yodandaula, mudzandikumbutse ino. Pepani pokuvutitsani kufunafuna malo, ndipo mundipepesereko kwa alamu amene anayenda maulendo ambiri pankhaniyi. Ngati mukufuna kutithandiza, tipezereni thonje lenileni lomatira maboti, chifukwa mitsamiro ya m'nyumba muno ili pangozi.

Mzime akupereka moni, akuti muwapsompsone ana. A Injiniya akuti moni, ndipo apempha kuti dzina limeneli liyambe lapuma kaye. Ndawawerengera Ababa kalata yonseyi, osadumpha ndi mzere umodzi womwe, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anandilanda cholembera. Zokhotakhota mukuziona m'munsimuzi ndi zawo, ajambula ndi dzanja lamanzere ndipo zawatengera nthawi yaitali. Ndi boti, ndipo timizere toimirira mkatimo ndi anthu. Kuno tilipo anayi, Achimwene, koma timizereto si tinayi ayi. Muwerenge nokha kuti ajambula angati.

Ndine mlongo wanu,
Wachiwiri kubadwa