Mapuloteni Anga Si a M'mbale

Lolemba, 9 Juni

Iwe kope langa, tandiyankha: munda ulime wekha, wokolola akhale wina? Aphunzitsi a sayansi ati nkhani yanga ya tintchentche ta pa zipatso ndi yabwino, ipita ku chionetsero Lachisanu. Koma wokayankhula akhale Wailesi, mnyamata wosatseka pakamwa uja. Ati ine ndimayankhula ngati ndikupepesa. Ndangoti "chabwino aphunzitsi." Chabwino chake chiti?

Lachiwiri, 10 Juni

Zondipweteka n'zakuti achemwali, omwe amafufuza tintchentcheti ku yunivesite, anangondifotokozera n'kundibwereka botolo la tintchentcheto. Chitsanzo ndinachipeza ndekha pa mashini osokera a bambo. DNA ili ngati ulusi wautali wokulungidwa pa tibobini kuti ukwane m'selo. Pomwe wakulungidwa kwambiri, malangizo ake, monga ofiiritsa diso, sawerengeka. N'chifukwa chake ta m'botolomu tili ndi maso a mawanga, pena pofiira pena poyera. Ndiye mapuloteni oyambitsa ntchito yokopera ulusiwo selo likamagawikana, omwewo amathandizanso kuumanga molimba. Akalakwika, ulusi umamasuka, diso limafiira.

Ndalemba ndine zimenezi. Chiganizo chilichonse.

Lachitatu, 11 Juni

Wailesi wapinda pepala langa n'kuliika m'thumba la kumbuyo. Walikhalira tsiku lonse.

Lachinayi, 12 Juni

Lero kuyeserera. Munthu uja sanawerenge n'komwe. Waima kutsogolo, chifuwa patali: "Tintchentcheti tikudwala maso chifukwa chosowa mapuloteni. Tizipatsidwa nyemba ndi mazira." Kalasi yonse mbwee kuseka. Aphunzitsi ali pakhomo ndi foni, kumangogwedeza mutu.

Ndamva mawu akuti "si mapuloteni a m'mbale amenewo." Kenako ndazindikira kuti atuluka pakamwa panga.

Wailesi: "Kani a Chete pakamwa muli napo?"

Ndati andipatse pepala langa. Linali lofunda, fungo la thukuta. Ndayamba kufotokoza. Aphunzitsi ati kumbuyo sakumva. Mtsikana wina wa kumbuyo komweko, sitinayankhulanepo, wati, "Tikumva, aphunzitsi. Ndiye ulusiwo ukamasuka wonse chimachitika n'chiyani?" Ndamuuza zoona, kuti sindikudziwa, ndi zomwe achemwali akufufuza.

Belu lalira aphunzitsi asananene woyankhula mawa. Kunyumba ndakanika kudya. Mayi akuti ndi malungo.

Lachisanu, 13 Juni

Aphunzitsi andiitana pakhonde m'mawa. "Iwe ufotokoze, Wailesi akugwirire botolo." Basi. Osati pepa, osati chiyani, ngati anali maganizo awo kuyambira kale. Mkwiyo sunathe, ndikuuze. Koma taona, holo yadzaza mpaka m'mawindo, ngakhale a folomu folo abwera.

Ndilekeze pompa. Gulu lathu ndi loyamba, ndipo Wailesi akukuwa dzina langa pakhomo, botolo waligwira chozondotsa.