Magazi pa Makiyi a Dona

Lachinayi, mwezi wa Julaye. Chiperoni tsiku lonse, koma ine mtima ukuwira.

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanjali ndalimanga chiguduli. Sabata ino ndili pa thangata. Akapitawo anandipatsa mpeni wodulira tiyi, ati aliyense wokhala pamalo a Bwana agwire ntchito, kaya amaimba piyano kaya ayi. Mpeniwo unaterereka pa nthambi yonyowa n'kundicheka chala chapakati mpaka pafupa.

Masana ndinapitabe kukaphunzira kwa Dona, mlongo wake wa Bwana, amene kale ankaimba piyano m'maholo akuluakulu ku Ulaya. Akhala akundiphunzitsa zaka zinayi. Ndi iwo omwewa amene anandiletsa kuwaza nkhuni, ati woimba azisamala zala ngati maso.

Ndisanafike patali ndi nyimbo, magazi anadontha pa makiyi oyera a piyano, a minyanga ya njovu. Dona anadzambatuka n'kutenga mpango. Ine, kupusa kwanga, ndinatambasula dzanja. Iwo anapukuta piyano.

"Yosefe, sukudziwa kuti minyanga ikathimbirira siyeranso?"

Piyano imeneyi anaisenza pamapewa ndi bambo anga ndi anzawo, kuchokera pa sitima ku Luchenza. Dona amadya ndi Bwana tsiku lililonse. Mawu awo amodzi okha akanandichotsa m'munda muja, koma sanawanenepo.

Dona ati ndibwerenso chala chikapola. Mawa akapitawo akundidikira pamzere wa tiyi womwe uja.

Makiyi aja ayera. Chala changa sichikupindika.