Ulendo Uno Malume Gau Sadzuka

Kwa Mayi Szeto, ana, adzukulu ndi abale onse, komanso kwa inu nonse okonda mafilimu athu,

Ndi mitima yosweka, ndiponso ndi manyazi amene sitingathe kuwabisa, ife a Kampani ya Mafilimu ya Mphaka Woyera tikudziwitsa anthu onse kuti Bambo Szeto Kam-wing, amene ambiri mumawadziwa ndi dzina loti Malume Gau, anatisiya Lolemba m'mawa kunyumba kwawo ku Sham Shui Po, mumzinda wa Hong Kong, atadwala mtima, ali ndi zaka 71. Tikudziwa kuti ena mwayamba kale kumwetulira. Tikudziwanso kuti mukuitembenuza kalatayi uku ndi uku kufuna kupeza pamene tabisa nthabwala, ndipo sitingakudzudzuleni, pakuti kukayikira kumeneku tinakuphunzitsani ndife tomwe.

Malemuwa anatumikira luso la zisudzo kwa zaka makumi anayi, kuyambira masiku amene ankangogwa pansi ngati mtembo wopanda dzina m'mafilimu a ndewu, kufikira pamene dziko linawadziwa kudzera mu filimu yathu ya Mano a Malume Gau. M'menemo anali namapopa wa zaka mazana atatu amene mano onse anamuguluka, wodumphadumpha manja ali patsogolo kusakasaka dokotala wa mano woti amuchitire chifundo. Filimuyo tinaijambula ngati nkhani yoona, kamera ikungomutsata pambuyo, ndipo tonse tinalumbira kuti pagulu sitidzavomera kuti ndi sewero. Iwo anasunga lumbirolo mpaka kumsika, kumene ankagula ndiwo atabisala m'ambulera yakuda, eti kuopa dzuwa. Analinso ndi luso limene palibe wina analifikapo: kugona m'bokosi la maliro osaphethira, chifuwa osagwedezeka, mpaka owonera kuyamba kuchita mantha.

Luso limenelo ndi limene tinalakwa nalo. Zaka zitatu zapitazo, pofuna kutsatsa gawo lachiwiri la filimuyo, tinalengeza kuti amwalira, tinaitana atolankhani kumaliro, ndipo mwambo uli mkati iwo anadzuka m'bokosi n'kupempha tiyi wamkaka. Hong Kong yonse inaseka. Mayi Szeto sanaseke, chifukwa tinawabisira dala kuti misozi yawo ioneke yeniyeni, ndipo analira mwamuna wawo wamoyo tsiku lathunthu. Kalata yolengeza imfa ija ndinasaina ndine, monga mkulu wa kampani ino, ndipo inayamba ndi mawu ofanana ndi a kalata ino.

N'chifukwa chake mayiwa atandiimbira foni Lolemba, ine ndi imvi zangazi ndinawayankha kuti, "Aa, Mayi Szeto, ulendo uno akulowetsani nanu m'gulu? Auzeni bambowo kuti bodza limeneli mwini wake ndine." Iwo anati, "Mayi Ngai, pepala la kuchipatala lili m'manja mwangamu. Ndikuwerengereni, kapena nalonso munena kuti ndalemba ndekha?" Ngakhale atatero, ndikuvomera, Lachitatu ndinalowa m'nyumba ya chisoni ku Hung Hom maso ali kudenga, kusaka kamera.

Kumeneko ndinapeza Bambo Tsang Wai-bun, amene m'filimumo ndi wansembe wolembedwa ntchito yogwira Malume Gau, koma amangokhalira kusewera naye mahjong. Awiriwa anali pa ubwenzi kuyambira ali anyamata, ndipo a Tsang sanabwere kudzalira, anabwera atakwiya.

"Alamu, ine musandinamize," anatero kwa mayiwa. "Ulendo uja anandisiya kunja, ndinanyamula nkhata ya maluwa ngati chitsiru. Kamera waibisa pati, galu ameneyu?"

"Lowani mukamufunse nokha," anayankha mayiwa. "Ine ndatopa."

Aliyense wogwira ntchito pakampani pano akudziwa kuti a Tsang okha ndi amene ankatha kuwaseketsa malemuwa ali m'bokosi pojambula filimu, ndipo ntchito inkatiimira kangapo patsiku chifukwa cha chibwana chawocho. Ankangowerama n'kunong'ona kuti, "Gau, dokotala wa mano wafika, koma ndi wa mahatchi," basi mtembo n'kuphulika ndi phwete. Lachitatu lija a Tsang anawerama n'kunong'ona mawu omwewo. Anadikira. Anabwereza mokweza, maso ali pakona ya mlomo pamene kuseka kunkayambira. Kachitatu nthabwala inawathera pakhosi, ndipo anangoti, "Iwe Kam-wing, zakwana, aise. Mlamu wanga watopa." Kenako anapempha mpando.

Mayi Szeto, m'malo mwa ochita zisudzo, ojambula, osoka zovala ndi onse a kampani ino, tikupepesa kawiri: chifukwa cha imfa imene yakugwerani, ndiponso chifukwa cha ija tinakunamizani, imene yachititsa kuti lero mulire anthu akukuyang'anani ndi diso lokayika. Mulimbe mtima inu ndi banja lonse, ndipo ngati n'kotheka, tsiku lina mudzatikhululukire.

Kwa inu okonda mafilimu athu, mwambo wotsazikana nawo uchitika Loweruka m'mawa ku Hung Hom. Taona zimene ena mwalemba pa intaneti, zoti mubwera mutavala ngati Malume Gau n'kukhala kutsogolo kuti mudzawajambule akudzuka. Tikukupemphani modzichepetsa kuti musawalande mayiwa maliro a mwamuna wawo kachiwiri. Zovalazo musiye kunyumba, mubwere ndi duwa loyera, muwerame katatu, ndipo bokosi likatsekedwa musadikire kanthu. Lumbiro lija tikulimasula lero pamaso pa nonse: Malume Gau anali sewero chabe. Bambo Szeto Kam-wing anali munthu, ndipo amwalira.

Ndine wanu m'chisoni,
Ngai Suk-han
Mkulu wa Kampani ya Mafilimu ya Mphaka Woyera